Febe ndi Anzake, ndi Chaputala Chimene Timachilumpha

Pali chizolowezi china pakati pa ife owerenga Mau a Mulungu chimene tiyenera kuchiyang'anitsitsa. Munthu akayamba kalata ya Paulo ya kwa Aroma, awerenga ndi mantha ndi chidwi za uchimo wa anthu onse, za chikhulupiriro cha Abrahamu, za chisomo, ndi za nkhondo ya thupi ndi mzimu. Koma pofika pa chaputala 16, napeza maina okhaokha, atseka buku, nati zatha, zotsalazi ndi moni chabe. Ndinamvapo mkulu wina wa mpingo, munthu wokonda Buku lake ndithu, alikuwerenga chaputalachi pa mapemphero a m'mudzi. Anawerenga ndime ziwiri zoyamba, nayang'ana maina ali m'munsimo, nausa moyo, nati, "Ndi ena otero," nalumphira ku ndime zotsiriza. Sitimtsutsa mkuluyo, pakuti mainawo ngolemeradi pa lilime lathu. Komatu mwa "ena otero" aja munatayika akazi 9, amene mtumwi anawatchula mmodzimmodzi pamaso pa mpingo wonse wa ku Roma. Wofuna kudziwa chimene akazi anali kuchita mu Mpingo woyamba sadzapeza umboni wina wakale ndi womveka woposa uwu.

Kulumpha kumeneku sikunayambe ndi ife. Origen, mphunzitsi wa ku Alexandria, atiuza kuti Marcion, amene Mpingo wa ku Roma unamchotsa cha m'ma 144, anadula machaputala awiri otsiriza a kalatayi. Ndipo m'chaka cha 1829 wophunzira wina wa ku Germany, David Schulz, anati chaputala 16 ndi kalata ina ya payokha yopita ku Efeso, popeza Paulo sakadadziwa anthu ambiri otere m'mzinda umene sanafikeko. Ambiri anamtsata zaka zambiri. Koma lero ophunzira ochuluka abwerera, nati chaputalachi chili pamalo pake. Nanenso nditero, ndipo chifukwa chake chidziwika kwa munthu aliyense wa kumudzi. Mlendo pofika kumene sadziwika, ayamba ndi kutchula amene awadziwa kumeneko, kuti amuchitire umboni. Polembera mipingo imene anaiyambitsa yekha, monga ya ku Galatiya ndi ya ku Tesalonika, Paulo satchula anthu motere, pakuti konko adziwika kale. Ku Roma anasowa mboni. Potero maina awa ali ndi ntchito yake m'kalatamo: ndiwo anthu amene mtumwi anakhulupirira kuti mau ao adzamveka mu mpingo. Tsono taonani amene anawasankha.

Kalatayi inalembedwa ku Korinto cha m'ma 57, ndi dzanja la mlembi dzina lake Tertio, ndipo ndiyo yaitali koposa makalata onse a Paulo, ya mau opitirira 7,000 m'Chihelene. Pamene inatha, panafunika munthu woinyamula. Masiku aja panalibe positi ya anthu wamba. Ya boma inali ya mfumu ndi nduna zake zokha, ndipo kalata ya munthu wamba inayenda m'thumba la wapaulendo wokhulupirika. Dzina loyamba m'chaputala chathu ndi la Febe, wa ku Kenkreya, doko la kum'mawa kwa Korinto, mtunda wa ngati makilomita 11. Paulo sampatsa moni ai, pakuti iye sali ku Roma. Ampereka kwa Aroma kuti amlandire ndi kumthandiza pa chilichonse adzachisowa. Ife tidziwa kalata yotere, pakuti Mkristu posamukira kwina atenga kalata ya mpingo wake yomchitira umboni. Ndime ziwirizi sizinena poyera kuti Febe ndiye ananyamula kalatayo. Koma kuyambira kale owerenga anazindikira chomwecho, ndipo alembi ena akale anawonjeza mau pa mapeto pa kalata onena kuti inatumizidwa ndi dzanja lake. Palibe chifukwa china chomveka chakumtchulira iye poyamba, ndi mwa njira yotere.

Kunyamula kalata sikunali kusenza kokha. Pa Akolose 4 tiona kuti Tukiko, wonyamula kalata ija, anayenera kufotokoza ndi pakamwa zimene sizinalembedwe. Ngati zinali zotero ndi Febe, ndipo sindiona chomletsa, ndiye kuti pamene Akristu a ku Roma anamva koyamba za kuyesedwa olungama ndi chikhulupiriro, nasokonezeka monga tisokonezeka ife, munthu yekhayo m'nyumbamo amene anachokera kwa mlembi wake, wakuti angamfunse kuti Paulo atanthauzanji, anali mkazi uyu. Apa tilikuyerekeza, ndipo tisakuyese kuyerekeza kwathu lembo. Koma chimene chalembedwa nchokwanira.

Paulo amtcha Febe maina atatu. Loyamba, mlongo. Lachiwiri ndilo mutu wa nkhani yathu, liu la Chihelene lakuti diakonos, limene Buku Lopatulika lathu la 1922 linalimasulira kuti mtumiki. Liu lomweli Paulo adzitcha nalo yekha pamodzi ndi Apolo pa 1 Akorinto 3:5. Atcha nalo Tukiko ndi Epafra. Atcha nalo iwo a udindo mu mpingo wa ku Filipi, amene awalonjera pamodzi ndi oyang'anira. Ndipo m'kalata yomwe ino ya kwa Aroma alinena za wolamulira wa dziko pa 13:4, ndi za Kristu mwini pa 15:8. Masiku a Paulo liuli linalibe mtundu wina wa akazi. Linali limodzi kwa onse. Omasulira Buku la Chingerezi la 1611 analigawa patatu. Pa Tukiko anaika liu la ubusa, pa iwo a ku Filipi liu la udindo wa mu mpingo, koma pa Febe liu la wantchito. Omasulira athu sanatero. Anasunga liu limodzi ponseponse, ndipo pa ichi Buku lathu liposa lija.

Komatu chimene omasulira anachilunzanitsa, makutu athu achigawa. Tikamva kuti bambo uje ndi mtumiki wa Mulungu, tiona guwa, ndi buku lotsegula, ndi anthu ali chete. Tikamva kuti mai uje ndi mtumiki wokhulupirika, tiona mtsuko, tsache, ndi nkhali za pa msonkhano wa misasa. Wina asandimve molakwa, monga ngati ndipeputsa nkhali. Chiyambi chake cha liuli ndicho kutumikira pa chakudya, ndipo Ambuye analisankha dala podzifanizira yekha ndi woperekera chakudya, osati ndi wokhala pansi kudya. Cholakwa chathu ndi ichi, kuti tapatsa amuna ulemu wa liuli, ndi akazi thukuta lake. Pa Paulo sizitero. Iye yemwe analalikira anasokanso mahema, natola zopereka za aumphawi a ku Yerusalemu, nazitcha zonsezo utumiki. Ndipo Febe samtcha mtumiki wa munthu wina, koma wa mpingo wa ku Kenkreya, ndiko kutchula malo a ntchito yake monga titchula mbusa ndi mpingo wake.

Dzina lachitatu ndi prostatis, ndilo woima patsogolo pa wina kumtchinjiriza. M'mizinda ya Ahelene ndi Aroma munthu wachuma kapena womveka anali kuimira alendo ndi osauka pa milandu, kuwasunga m'nyumba mwake, ndi kuwalipirira. M'chinenero chathu liu loyandikira ndilo nkhoswe, munthu amene popanda iye sungathe kuima pabwalo. Paulo avomera kuti Febe anali wotero kwa anthu ambiri, ndi kwa iye mwini. Mtumwi wa amitundu, mfulu ya Chiroma, sanachite manyazi kulemba kuti mkazi anamuimira.

Za Priska ndi mwamuna wake Akula tidziwa zambiri, ndipo tifupikitsa. Anathamangitsidwa ku Roma pamodzi ndi Ayuda ena ndi lamulo la mfumu Klaudiyo cha m'ma 49. Anasoka mahema ndi Paulo ku Korinto. Ku Efeso anamtengera pambali Apolo, mlaliki wodziwa kunena, namuongola pa chiphunzitso. Ndipo atafa Klaudiyo mu 54 tiwapezanso ku Roma, mpingo uli kusonkhana m'nyumba mwao. M'Chipangano Chatsopano atchulidwa pamodzi kasanu ndi kamodzi, ndipo kanai konse dzina la mkazi ndilo litsogola. Si mwambo wa nthawi ija umenewo. Paulo awatcha onse awiri antchito anzake, osasiyanitsa, nakumbutsa kuti anaika moyo wao pachiswe chifukwa cha iye.

Pali chinthu china chimene wowerenga mofulumira sachiona. Paulo apatsa moni anthu 26 m'ndime 3 kufikira 15, ndipo amuna ndiwo achuluka. Ambiri a iwo awatcha okondedwa, kapena abale, kapena angotchula dzina napitirira. Koma pali liu lina lolemera, lakunena kugwira ntchito kufikira kulema, monga alema munthu wolima tsiku lonse m'munda wouma; ndipo m'chaputala chino alipereka kwa anthu anai okha, Mariya, Trufena, Trufosa ndi Persida. Onsewo ndi akazi. Mwina wina adzati, Inde, akazi ndiwo a ntchito zolemetsa, zimenezo tizidziwa. Koma tafunsani kumene liuli lipezekanso. Pa 1 Akorinto 15:10 Paulo anena nalo za ntchito yake ya utumwi. Pa 1 Atesalonika 5:12 anena nalo za iwo akutsogolera mpingo ndi kuuchenjeza. Pa 1 Akorinto 16:16 auza mpingo ugonjere anthu otere. Sitiuzidwa kuti akazi anaiwo anachita chiyani tsiku ndi tsiku, ndipo tisawapangire mbiri. Koma liu limene mtumwi anasankha ndilo la ntchito ya Uthenga, ndipo pa atatu a iwo awonjeza kuti inali ntchito ya mwa Ambuye.

Ndikhulupirira kuti Paulo anamwetulira ponena ndime 12. Maina a Trufena ndi Trufosa achokera ku liu lakunena kulobodoka ndi kukhala mofewa, monga akhala ana a anthu olemera. Ndipo awiriwo, amene mwina anali pachibale, ndiwo awatcha olema ndi ntchito. Persida ndiye kuti mkazi wa ku Perisiya, dzina la mtundu umene eni akapolo anali kupatsa munthu potchula dziko limene anachokera. Taganizani tsono m'mene kalatayi inamvekera. Sinawerengedwe ndi munthu mmodzi m'chipinda mwake, koma mokweza, pamaso pa osonkhana, nyumba ndi nyumba, popeza Akristu a ku Roma analibe kachisi, ndipo anali ogawikana pa nkhani za zakudya ndi masiku, monga machaputala 14 ndi 15 aonetsa. Paulo sanena kuti iye awapatsa moni. Alamula omvawo kuti iwo apereke moniyo. Potero Myuda wosunga miyambo anayenera kunyamuka kukalonjera mai wa dzina la ukapolo, ndi mfulu kukalonjera wantchito. Chiphunzitso cha kulandirana, chimene achifotokoza machaputala awiri, pano achisandutsa ulendo wa miyendo. Mbeu yabzalidwa m'machaputala ena, koma chaputala chino ndicho nkhokwe imene tionamo ngati munda unabala.

Ndime 7 ili ndi mbiri yochititsa manyazi. Itchula Androniko ndi Yuniya, a mtundu wa Paulo, amene anamangidwa naye m'ndende, amene anakhulupirira Kristu iye asanakhulupirire, ndipo iti anali omveka pakati pa atumwi. M'chinenero chathu dzina la Yuniya silitiuza ngati ndi mwamuna kapena mkazi. M'Chihelene kusiyana kwake kuli pa kachizindikiro kakang'ono ka pamwamba pa lemba, ndipo mabuku akale koposa analembedwa opanda tizizindikiro timeneti. Zifanana ndi liu lathu lakuti mtengo, limene papepala lioneka limodzi, ngakhale pakamwa tisiyanitsa wa m'nkhalango ndi wa pamsika. John Chrysostom, bishopu wa ku Constantinople amene anamwalira mu 407, amene Chihelene chinali chinenero chobadwa nacho, anawerenga dzinali ngati la mkazi, nazizwa ndi nzeru za mai amene anayenera kutchedwa ndi dzina la mtumwi. Owerenga ochuluka a zaka 1,000 zoyamba anamva chimodzimodzi. Pambuyo pake ena anaganiza kuti mkazi sangakhale wotero, nasandutsa dzinalo la mwamuna. Martin Luther anatero m'Chijeremani mu 1522, ndipo Chipangano cha Chihelene cha Nestle, chimene omasulira a maiko ambiri anatsamirapo, chinasindikiza dzina la mwamuna kuyambira 1927 kufikira pamene chinakonzedwa mu 1998. Chinatsutsa cholakwacho ndi miyala. Dzina la mkazi lakuti Junia lapezeka pa zolembedwa za mu Roma koposa 250. Dzina la mwamuna limene analiganiziralo silinapezeke pa mwala uliwonse.

Tinene zoona zonse. Alipo ophunzira amene avomera kuti Yuniya anali mkazi, koma amasulira kuti iye ndi Androniko anali odziwika kwa atumwi, osati kuti anali mwa iwo. Ndiponso liu lakuti mtumwi pa Paulo silinena khumi ndi awiri aja okha. Barnaba atchedwa nalo, ndi enanso otumidwa. Mlandu umenewo ukali pabwalo. Koma chimene palibe angachikane ndi ichi, kuti Aroma sanali kumanga munthu m'ndende chifukwa cha kusesa m'nyumba yopemphereramo.

Akazi awiri alibe maina, mlongo wake wa Nerea ndi amake a Rufo. Za mai wachiwiriyu Paulo anena kuti anali amake a iyenso. Marko 15:21 atchula Simoni wa ku Kurene, ku dziko limene lero litchedwa Libya, amene anasenza mtanda, nati anali atate wao wa Alesandro ndi Rufo. Ndipo ambiri aganiza kuti Rufo ndi yemweyo, chinkana dzinali linali lofala. Paulo sauza kumene maiyu anamlera. Ife amene tidziwa kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe sitifuna kumasuliridwa. Mwina mtumwi sanatchule dzina lake chifukwa chomwe ife sititchulira maina a amai athu.

Pano owerenga ena ayamba kale kutsegula 1 Akorinto 14:34 ndi 1 Timoteo 2:12, pamene akazi auzidwa kukhala chete. Achita bwino, ndimezo zilimo m'Buku, ndipo nkhani ino siyesa kuzifafaniza, kapena kuweruza milandu imene masinodi aweruza. Chimene ndidandaula ndi muyeso wathu. Ndime ziwirizo azidziwa pamtima ngakhale ana a m'kalasi, koma za Persida ambiri a ife tafika pa imvi osamva. Kalata yomweyo ya kwa Akorinto, pa chaputala 11, ilangiza m'mene mkazi ayenera kuvalira popemphera ndi ponenera, ndipo sailangiza za chinthu choletsedwa. Woweruza womva mboni ziwiri, nabweza khumi zili pakhomo, sanaweruze mlandu. Chimodzimodzi alakwa iwo amene afuna kumveka Febe chisoti cha bishopu, pakuti maudindo a masiku a Paulo anali asanakhazikike monga anadzakhalira pambuyo, ndipo lembo silipita kumeneko.

Umboni wina uchokera kwa mdani. Cha m'ma 112 Pliny, bwanamkubwa wa Chiroma wa ku Bituniya ndi Ponto, kumpoto kwa dziko la Turkey la lero, analembera mfumu Trajan kufunsa chochita ndi Akristu. Anamva kwa ena amene anataya chikhulupiriro kuti anthuwa asonkhana tsiku loikika kusanache, naimbira Kristu monga mulungu, nalumbira kusaba, kusachita chigololo ndi kusanama, ndipo pambuyo pake adya pamodzi chakudya wamba. Sanakhutire, nafuna kudziwa zenizeni. Anagwira akapolo awiri aakazi, amene Akristu anali kuwatcha ministrae, ndilo liu la Chilatini lakuti atumiki, nawafunsa ndi mazunzo, monga lamulo la Aroma linalola pa akapolo. Bwanamkubwa wofuna chinsinsi cha gulu sagwira munthu wosadziwa kanthu. Pliny alemba kuti sanapeze china koma chipembedzo chopotoka ndi chopyola muyeso. Ndiye kuti akaziwo, ali m'zowawa, sanampatse bodza limene likadawamasula ndi kuphetsa anzao. Maina ao sanawalembe, ndipo sanena ngati anatuluka amoyo.

Mpingo wa kum'mawa sunaiwale msanga. Origen, pomasulira ndime za Febe, anaphunzitsa kuti zionetsa ndi ulamuliro wa mtumwi kuti akazinso aikidwa pa utumiki wa Mpingo. Buku lina la malangizo la ku Suriya, la m'zaka za m'ma 200, lotchedwa Didascalia, lifotokoza ntchito yao: kudzoza akazi pa ubatizo, kuwaphunzitsa atabatizidwa, ndi kulowa m'nyumba za akunja kukaona akazi odwala kumene mwamuna sakadaloledwa. Amai a Chigwirizano, a Mvano ndi a Umanyano, amene ayenda m'midzi kwa odwala ndi kwa ofedwa, adzaizindikira ntchitoyo. Msonkhano waukulu wa ku Chalcedon mu 451 unalamula kuti mkazi asaikidwe manja kukhala mtumiki asanafike zaka 40, ndipo lamulo lotere siliikidwa pa chinthu chosachitika. Koma m'malangizo omwewo tiona kale mpanda ulikumangidwa, pakuti ntchito imene kwa Febe inali ya mpingo wonse yasanduka ya pakati pa akazi okha. Ndipo pamene ubatizo wa akulu unachepa, udindowo unazilala pang'onopang'ono.

Pa Phiri la Azitona, kum'mawa kwa Yerusalemu, anafukula mwala wa pamanda wolembedwa m'Chihelene, wa zaka mazana angapo pambuyo pa Paulo. Ndi wa mai dzina lake Sophia. Amene anamuika anamtcha kapolo wa Kristu ndi mtumiki, ndi liu lomwe lija la pa Aroma 16:1. Ndipo pofuna dzina lina lomlemekeza nalo, anazokota pamwalapo kuti anali Febe wachiwiri.